CHENJERANI NDI MAKALATA A AKUBA OFUNA MANAMBALA A KHADI LANU LA KU BANKI

Chaka chirichonse, kuyambira cha m'mwezi wa April, misika ya fodya imatsegulidwa ku Kanengo, ku Limbe, ku Chinkhoma ndi ku Mzuzu. Masiku ano mlimi akagulitsa mabelo ake, ndalama zimalowa ku banki, ndipo iye amapatsidwa kakhadi kolimba kokatengera ndalamazo pa makina a ATM. Ambiri ogulitsa soya, mtedza ndi thonje kudzera m'makalabu nawonso amalandira ndalama zao motero. Ichi nchinthu chabwino ndithu, pakuti ndalama za ku banki sizipsa nyumba ikapsa, chiswe sichizidya, ndipo wachifwamba sazipeza pansi pa mphasa.

Komatu akuba nawo aphunzira njira zatsopano. Wakuba wa lero alibe chifukwa choboolera khoma usiku. Iye amakhala kutali, mwina ku dziko lina, nalemba kalata yaulemu yopempha mlimi kuti apereke yekha makiyi a nkhokwe yake. Kalata imeneyi imafika pa foni, ndiyo aitcha imelo. Ena mwa inu mudzati, "Ine ndiribe imelo." Taonani bwino m'foni mwanu. Mafoni ambiri amakono amafuna kuti munthu atsegule Gmail asanayambe kuwagwiritsa nchito, ndipo mwina mwana wanu kapena wa m'sitolo anakutsegulirani tsiku logula lomwelo. Ndiponso akuba omwewo amatumiza mau omwewo pa SMS ndi pa WhatsApp. Tsono nkhani ino ndi ya banja lirilonse lokhala ndi foni ndi khadi.

KUWEDZA ANTHU

Kuba kwa mtundu umenewu Azungu anakutcha phishing, potengera mau ao otanthauza kuwedza nsomba. Dzinali linamveka cha m'ma 1995 ku America, pamene anyamata ena ochenjera anayamba kunyenga anthu olipira kampani ya intaneti yotchedwa America Online. Ankadzitcha anchito a kampaniyo, nauza anthu kuti pali cholakwika m'mabuku, ndipo kuti atumize mau ao achinsinsi ndi nambala ya khadi kuti zinthu zikonzedwe. Ambiri anatumiza. Zaka 30 zapitapo, koma bodza lake likali lomwelo.

Dzinali nlomveka kwa aliyense amene anakhalapo pa mtsinje. Msodzi sadziwa nsomba imene idzadya nyambo yake. Amangoponya mbedza nadikira. Wakuba nayenso amatumiza kalata imodzimodziyo kwa anthu zikwizikwi nthawi imodzi, ndipo kutumizako sikumtengera ndalama zambiri. Ngakhale anthu 999 aitaye, mmodzi yekha akayankha, iye wapindula. Chifukwa chake musadabwe kuti wakudziwani bwanji. Nthawi zambiri sakudziwani konse. Mudzaona kuti ena amalandira kalata yonena za banki imene sanasungitseko ndi tambala yomwe.

ZINSINSI ZA PA KHADI

Makhadi alipo a mitundu iwiri. Lina ndi la ngongole, limene munthu amagulira katundu ndi ndalama za banki, nadzabweza pambuyo pake. Lina ndi limene limatenga ndalama zanu zomwe munasungitsa, ndipo ndilo alimi ambiri ali nalo. Wakuba amafuna onse awiri, koma kwa mlimi lachiwiriri ndilo loopsa koposa, pakuti chimene chichoka ndi thukuta lake lenileni la chaka chathunthu.

Tengani khadi lanu muliyang'ane. Pali nambala yaitali, kawirikawiri ya manambala 16. Pali mwezi ndi chaka chimene khadilo lidzatha nchito. Kumbuyo kuli timanambala 3, timene a banki amatitcha CVV. Chachinai sichinalembedwe pa khadi, chiri m'mutu mwanu, ndicho PIN, nambala yachinsinsi imene mumatchaya pa makina potenga ndalama.

Apa ndi pamene alimi ambiri sadziwa. Iwo amayesa kuti khadi likakhala m'thumba mwao, ndalama ziri bwino. Iai. Pogula katundu pa intaneti, wogulitsa saona khadi ndi maso. Amangofuna nambala yaitali ija, mwezi ndi chaka, ndi timanambala 3 ta kumbuyo. Munthu wodziwa zitatu zimenezi angathe kugula zinthu ali ku Johannesburg kapena ku London, khadi liri chikhalire m'kachikwama kanu.

Pofuna kuteteza anthu, mabanki anaikapo loko wina. Wina akafuna kugula ndi khadi lanu pa intaneti, nthawi zambiri banki imatumiza ku foni yanu nambala ya kanthawi, kawirikawiri ya manambala 6, yotchedwa OTP. Nambalayi imagwira nchito kamodzi kokha ndipo imafa patapita mphindi zochepa. Ndi njira imene banki imafunsira kuti, "Kodi ndinu mwini wake amene mukugula?" Mukauza munthu wina nambala imeneyi, mwayankha kuti inde m'malo mwa wakuba.

MMENE KALATAYO IMAONEKERA

Tiyerekeze kuti mwagulitsa mabelo anu Lachiwiri. Lachinai pa foni pafika kalata yokhala ndi chizindikiro cha banki pamwamba, cha maonekedwe ake enieni. Mau ake ndi otere:

"Okondedwa kasitomala, taona kuti wina akufuna kulowa mu akaunti yanu. Khadi lanu lidzatsekedwa pasanathe maola 24. Dinani apa kuti mutsimikize kuti ndinu mwini wake."

Mtima wagunda, pakuti ndalama za feteleza ndi za sukulu ziri mommo. Mukadina pa mau abuluu aja, amene amatchedwa linki, pamatseguka tsamba lofanana kwambiri ndi la banki. Tsambalo likufunsa dzina, nambala ya khadi, mwezi ndi chaka, ndi timanambala ta kumbuyo. Pamene inu mukulemba, wakuba akuwerenga, pakuti tsambalo analipanga ndi iyeyo. Pompo ayamba kugula. Banki itumiza OTP ku foni yanu. Tsamba labodza lija likupemphani kuti mulembenso nambala imene yangofikayo, kapena foni ilira ndipo munthu wa mau okoma akuti ali ku likulu la banki, mumuwerengere. Mukatero, zatha. Nthawi zina amayamba ndi kandalama kochepa kuti aone ngati khadi likugwira, kenaka atenga zambiri.

Nyambo zake zimasinthasintha monga mwa nyengo. Ina imati mwapambana mphoto pa mpikisano umene simunalowe. Ina imati pali phukusi lochokera kwa mbale wanu ku Joni, mulipire kandalama kochepa ka msonkho ndi khadi. Ina imati Boma likubwezerani ndalama, kapena kuti dzina lanu latuluka pa Mtukula Pakhomo kapena pa feteleza wotsika mtengo. Ina imati kampani yogula mbeu ikufuna nambala ya khadi kuti ikulipireni. Pa ichi kumbukirani bwino: wofuna kukulipirani amangofuna dzina lanu ndi nambala ya akaunti. Timanambala ta kumbuyo kwa khadi, PIN ndi OTP ndi zotulutsira ndalama, sizigwira nchito polandira.

ZIZINDIKIRO ZA KALATA YA WAKUBA

1. Imafunsa zinsinsi. Ichi ndicho chizindikiro chachikulu koposa zonse. Palibe banki imene imafunsa PIN, CVV kapena OTP pa imelo, pa SMS kapena pa foni. Ngakhale kalaliki wa pa windo la banki saloledwa kudziwa PIN yanu. Momwemonso a Airtel Money ndi a TNM Mpamba safunsa PIN ya munthu. Wofunsa zimenezi ndi wakuba, ngakhale alankhule mwaulemu chotani.

2. Imafulumiza. "Lero lomwe." "Pasanathe ola limodzi." "Mukachedwa mutaya ndalama zanu." Wakuba amadziwa kuti munthu wa mantha saganiza bwino, ndipo safuna kuti mupeze mpata wofunsa mnzanu. Ena amachita kunena kuti musauze munthu aliyense. Nkhani yoona ya ku banki ingathe kudikira mpaka mutafika ku ofesi mawa.

3. Imalonjeza zaulere. Mlimi amadziwa kuti pamene sanabzale sakolola. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

4. Keyala ya wotumiza siigwirizana ndi dzina lake. Dzina looneka pamwamba pa kalata aliyense angalembe limene afuna, monga mmene munthu angalembere dzina la mfumu kumbuyo kwa envulopu. Dinani pa dzinalo kuti keyala yeniyeni ioneke, ndipo yang'anani mau otsatira chizindikiro cha @. Banki siilembera anthu ndi keyala yothera ndi gmail.com kapena yahoo.com, pakuti zimenezi aliyense amatsegula ulere.

5. Linki imapita kwina. Keyala ya tsamba imawerengedwa kuchokera kumapeto. Mwini tsamba ndi dzina limene liri kotsiriza, musanafike pa kamzere koyamba kopendekeka. Tinene kuti keyala yoona ndi bankiyanu.mw. Wakuba adzalemba bankiyanu.mw.thandizo-msanga.com. Maso amagwera pa mau oyamba, koma tsambalo ndi la thandizo-msanga.com. Ena amasintha chilembo chimodzi chokha: amaika 1 pa malo a l, kapena 0 pa malo a o, kapena r ndi n zogundana kuti zioneke ngati m. Pa kagalasi kakang'ono ka foni nkovuta kuona kusiyanaku, ndipo akuba amadalira zimenezo.

6. Imabwera ndi chinthu choti mutsegule kapena muike m'foni. Amati ndi risiti, fomu kapena pulogalamu yatsopano ya banki. M'kati mumakhala kapulogalamu kobisika kamene kangathe kuwerenga mauthenga anu onse, ndi OTP yomwe, nkumatumiza kwa mwini wake. Kali ngati nankafumbwe: thumba limaoneka lodzala kunja pamene m'kati mwasanduka ufa. Pulogalamu ya banki itengedwe pa Play Store kapena pa App Store, ndipo nkwabwino kuti a ku banki akuonetseni yeniyeni.

ZINTHU ZIMENE SIMUYENERA KUDALIRA

Kale anthu ankaphunzitsidwa kuti kalata ya wakuba imadziwika ndi Chingerezi chothyoka. Ikakhala yothyoka, ikayikireni ndithu. Koma tsopano kuli makompyuta olemba kalata yosalala m'kamphindi, ndipo akuba ena ndi a kuno komwe, olankhula Chichewa chabwino monga inu. Kulemba bwino si umboni.

Ena anauzidwa kuti tsamba lokhala ndi kachithunzi ka loko kapena loyamba ndi https ndi loona. Lokoyo amangotanthauza kuti mau anu sawerengedwa pa njira. Sanena kuti wolandira ndani. Masamba ambiri a akuba ali ndi loko ameneyu.

Chizindikiro cha banki nacho chimakopedwa mosavuta. Ndipo pali chinyengo china chimene chakola ambiri. Munthu amaimba foni nati, "Khadi lanu ndi la Visa, loyamba ndi 4, si choncho?" Inu mudabwa kuti wadziwa bwanji, nimukhulupirira. Dziwani kuti makhadi onse a Visa pa dziko lapansi amayamba ndi 4, ndipo a Mastercard amayamba ndi 5 kapena 2. Manambala oyambirira a khadi amangosonyeza banki imene inalipereka, ndipo amafanana kwa anthu ambirimbiri. Ngakhale atchule dzina lanu ndi mudzi wanu, zimenezo angathe kuziona pa mndandanda wa kalabu kapena pa Facebook.

NJIRA YOSAPHONYA

Zizindikiro zonsezi nzothandiza, koma si onse angathe kuzisunga m'mutu, ndipo makalata ena amakonzedwa mwaluso kotero kuti ngakhale ophunzira amakodwa. Mu 2013, m'miyezi ya November ndi December, akuba anatenga manambala a makhadi okwana pafupifupi mamiliyoni 40 ku masitolo akuluakulu a Target ku America. Ofufuza ananena kuti chiyambi chake chinali imelo yachinyengo imene inatsegulidwa ku kampani ina yaing'ono yokonza makina oziziritsa m'masitolowo. Kalata imodzi inatsegula khomo limene alonda ambiri olipidwa bwino ankalondera.

Tsono lamulo losavuta ndi iri: musapite ku banki pa njira imene kalata yakulozerani. Pitani pa njira yanu. Kalata ikanena kuti pali vuto, itsekeni. Musadine linki, musayankhe, musaimbe nambala yolembedwa m'kalatamo. Tembenuzani khadi lanu, muimbe nambala ya banki yosindikizidwa kumbuyoko kapena pa mapepala amene anakupatsani potsegula akaunti. Ngati nkotheka, kwerani njinga mukafunse ku ofesi ya banki muli ndi chiphaso chanu. Vuto likakhala loona, iwo adzaliona m'mabuku mwao. Likakhala labodza, mwangotaya tsiku limodzi. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Wina akakuimbirani nati ndi wa ku banki, nenani kuti, "Zikomo bambo, ndiimba ndekha," ndi kudula. Wa ku banki weniweni sakwiya ndi mau amenewa. Wakuba ndiye amayamba kuopseza.

MUKAKODWA, CHITANI IZI

Choyamba, fulumirani. Pano ndiye pofunika liwiro. Imbani ku banki nthawi yomweyo, usiku kapena usana, muwauze kuti atseke khadi. Musadikire kuti kuche kapena kuti Lolemba lifike. Khadi lotsekedwa silitulutsanso ndalama, ndipo adzakupatsani lina.

Chachiwiri, sinthani PIN ndi mau achinsinsi a imelo ndi a pulogalamu ya banki. Ngati munaika chinthu chachilendo m'foni, musaigwiritse nchito pa za ndalama mpaka munthu wodziwa ndi wokhulupirika ataiyeretsa.

Chachitatu, musafufute kalatayo. Ndi umboni. Lembani pa pepala tsiku, nthawi, nambala imene inaimba ndi ndalama zimene zachoka. Pitani nazo ku banki ndi ku polisi. M'chaka cha 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene limaweruza milandu ya pa makompyuta ndi pa mafoni. Bungwe la MACRA, loyang'anira za mafoni ndi intaneti, nalonso limalandira madandaulo a anthu. Ndalama zobedwa motere sizibwerera nthawi zonse, koma wonena msanga ali ndi mwai woposa wonena mochedwa, ndipo nambala ya wakubayo ingathe kutsekedwa asanabere ena.

Chachinai, chenjerani ndi mbedza yachiwiri. Patapita masiku, wina adzaimba nati ndi wapolisi kapena wa ku banki, wapeza ndalama zanu, mungolipira kochepa kapena mutchule nambala kuti zibwezedwe. Ndi omwe aja abweranso.

Chachisanu, musachite manyazi. Ambiri amabisa poopa kusekedwa, ena amabisira ngakhale akazi ao, ndipo wakuba amapitiriza kudya mudzi womwewo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kauzeni a mfumu ndi a pa kalabu kuti enanso achenjere.

MAU KWA BANJA LONSE

Inu ana a sukulu, m'mabanja ambiri ndinu amene mumawerengera makolo makalata a Chingerezi ndi kuwagwirira foni. Udindo wanu ndi waukulu. Musadine chinthu m'dzina la bambo kapena mai anu musanawafotokozere bwinobwino, ndipo musajambule khadi lao ndi kutumiza chithunzi kwa wina aliyense, pakuti chithunzi cha mbali zonse ziwiri chiri ngati khadi lenileni m'manja mwa wakuba.

Inu azimai ndi azibambo, gwirizanani m'nyumba kuti palibe amene adzatchule nambala ya khadi kapena ya foni kwa mlendo asanafunse mnzake. Musalembe PIN pa khadi kapena pa kapepala kokhala pamodzi ndi khadi. Pemphani a banki kuti azikutumizirani uthenga pa foni ndalama zikalowa kapena zikatuluka, ndipo muziuwerenga. OTP ikafika inu musakugula kanthu, dziwani kuti wina ali ndi manambala a khadi lanu, ndipo imbani ku banki pompo.

Musabwereke chiphaso chanu cha unzika kwa munthu wofuna kulembetsa simu khadi. Chiyambire 2018 nambala iriyonse ya foni imalembetsedwa m'dzina la munthu, ndipo akuba amakonda kugwiritsa nchito manambala olembetsedwa m'maina a anthu ena. Mlandu ukabuka, apolisi adzayamba kufika pakhomo pa mwini dzina.

Inu alembi ndi asungichuma a makalabu ndi makopaletivi, muli pa ngozi yoposa ena, pakuti mumalandira maimelo ambiri ndipo mumasunga ndalama za anthu ambiri. Ikani lamulo m'kalabu kuti kalata iriyonse yonena za ndalama iwerengedwe ndi anthu awiri kapena atatu isanayankhidwe. Ikafika kalata yonena kuti wogulitsa feteleza kapena mbeu wasintha nambala ya akaunti yake, muimbireni pa nambala imene mumaidziwa kale musanatumize kanthu.

Amene mwawerenga nkhani ino, iwerengereni anzanu osadziwa kuwerenga, pa bwalo, pa chitsime ndi pa msonkhano wa kalabu. A nyakwawa, chonde ilengezeni msika usanayambe. Wolandira kalata yomkayikitsa abwere nayo kwa mlangizi wa dera lake, kwa aphunzitsi kapena ku banki, asanadine chirichonse. Munalima, munapalira, munakolola ndi kugulitsa. Nchito yotsala ndi yaing'ono poyerekeza ndi zimenezo: PIN, timanambala ta kumbuyo kwa khadi ndi OTP zikhale zanu nokha, ndipo wozifunsa aliyense mumkanize.